Kalata yotseguka: musatseke kafukufuku wa kutupa chilonda cha khoswe chisanapole

Kwa akuluakulu a makomiti ovomereza kafukufuku wa pa nyama, kwa ogawa ndalama za kafukufuku, ndi kwa akonzi a magazini a sayansi ya zamankhwala,

Olemekezeka nonse,

Ine ntchito yanga ndi ya m'chipinda cha makoswe. Ndimawadyetsa, ndimawayeza pa sikelo, ndimawagwira akamabayidwa jakisoni, ndipo ndimalemba m'kaundula zimene zikuchitikira khoswe aliyense. Mapepala amene inu mumasayinira m'maofesi, kwa ife amafika ali mapazi otupa, misana yometedwa ndi mabala osokedwa. Sinditsutsa kafukufuku wa pa nyama. Ndikudziwa kuti pali mankhwala amene odwala nyamakazi akumwa lero chifukwa choti anayamba ayesedwa pa makoswe, ndipo ntchitoyi ndimaigwira ndi mtima wonse. Koma pali chinthu chimene chakhala chikundisowetsa mtendere, ndipo oti n'kuchikonza ndinu. Kafukufuku wambiri wa kutupa amene mumavomereza, kulipirira ndi kusindikiza amatha msanga. Amathera pamene kutupa kwaphwa. Zoti mnofu unamera bwanji pambuyo pake, fupa linalumikizana kapena ayi, khungu linalimba kapena linangotsekeka pamwamba, palibe amafunsa, ndipo makoswe amene akanatiyankha amakhala ataphedwa kale.

Mundilole ndiyambe ndi zimene mukuzidziwa kale, poti kalata ino aiwerenganso anthu amene sanalowepo m'labotale. Khungu likang'ambika, magazi amaundana n'kutseka potulukira. Kenako timitsempha ta pamalopo timakula, madzi a m'magazi n'kuyamba kulowerera m'minofu, ndipo malowo amafiira, amatentha, amafufuma, amapweteka. Zizindikiro zinayizi anazilemba Celsus wa ku Roma zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, ndipo mpaka lero ophunzira udokotala amaziloweza. Pasanathe maola ambiri amafika asilikali oyamba a m'thupi, maselo oyera otchedwa ma neutrophil. Mu 1867 Julius Cohnheim anaona maselo oyera pa maikulosikopu akudutsa m'zipupa za timitsempha ta chule, kuthamangira pamene pavulala. Ma neutrophil ndi aukali. Amapha mabakiteriya, ndipo popha amawononganso mnofu wabwino umene uli pafupi. Ambiri amafera pomwepo, ndipo mitembo yawo ndi imene imadzaza mafinya.

Pofika tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ma macrophage amakhala atachuluka. Maselo omeza zinthu a mtundu umenewu ndi amene anam'tchukitsa Élie Metchnikoff, amene mu 1882 ali ku Messina anabaya timinga m'timphutsi ta starfish, kanyama ka m'nyanja kooneka ngati nyenyezi, n'kuona maselo akuzinga mingayo, ntchito imene inam'patsa mphoto ya Nobel mu 1908. Poyamba ma macrophage nawonso amabwera ndi nkhondo, akutulutsa zinthu monga TNF ndi IL-1 zimene zimakolezera kutupa. Koma akameza ma neutrophil akufa aja amasintha khalidwe. Amayamba kuitana ma fibroblast, maselo oluka ulusi wa collagen, ndi kulimbikitsa timitsempha tatsopano kuti timere. Mnofu wofiira, wonyowa, wa timibulutimibulu umene mumauona pansi pa nkhanambo umachokera pamenepo. Ali ngati amisiri amene amagumula khoma long'aluka, n'kukhalanso omwewo omanga latsopano. Mukawathamangitsa chifukwa chodana ndi fumbi, nyumba imakhala yapululu.

Izi si zongoganizira. Mu 1975 Leibovich ndi Ross anachepetsa ma macrophage m'thupi mwa mbira zimene zinali ndi mabala, ndipo mabalawo anachedwa kuyera, ma fibroblast anachedwa kufika, kupola konse kunazengereza. Kanyama ka m'madzi ka ku Mexico kotchedwa axolotl, kamene mwendo ukaduka kamameretsa wina, mu 2013 kanaonetsa zomwezo moonekeratu: ma macrophage atachotsedwa, mwendo sunamerenso, panangotsala chipsera. Pa makoswe penipeni tili ndi umboni wa chiwindi. Kuyambira mu 1931, pamene Higgins ndi Anderson anafotokoza njira yake, tikudziwa kuti khoswe akam'chotsa magawo awiri mwa atatu a chiwindi, chotsalacho chimakula n'kubwerera pa kulemera kwake pakatha sabata imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Nanga chimadzutsa maselo a chiwindi kuti ayambe kugawikana n'chiyani? Zina mwa izo ndi zinthu zomwe zija timazitcha zokolezera kutupa. Mu 1992 ofufuza anatsekereza TNF m'makoswe ochotsedwa chiwindi chotere, ndipo kumera kwake kunafooka. Fupa nalonso ndi chimodzimodzi. Mu 2002 gulu la Patrick O'Connor ku New Jersey linapatsa makoswe othyoka fupa la ntchafu celecoxib ndi rofecoxib, mankhwala otsekereza COX-2, chinthu cha m'thupi chothandiza kupanga zokolezera kutupa, ndipo mafupawo sanalumikizane bwino. Ngati zimenezi zimachitikanso pa anthu ndi nkhani imene madokotala a mafupa akukambiranabe, koma akukambirana chifukwa choti wina anadikira masabata angapo n'kuyang'ana fupalo.

Sindikunena kuti kutupa n'kwabwino nthawi zonse. Kutupa kosatha ndi kumene kumadya mfundo za mafupa a odwala nyamakazi, kumaumitsa chiwindi ndi mapapo ndi zipsera, ndipo m'ziwalo zina kumakonzera khansa malo. Mfundo yanga ndi yakuti yankho limene mungapeze limadalira tsiku limene mwafunsa. Palibe kafukufuku amene anandionetsa zimenezi bwino kuposa wa Jeremy Duffield ndi anzake ku Edinburgh mu 2005. Anavulaza chiwindi cha mbewa ndi poizoni wotchedwa carbon tetrachloride mpaka chinachita zipsera. Atachotsa ma macrophage chiwindi chidakali kuvulazidwa, zipsera zinachepa. Atawachotsa pa nthawi imene chiwindi chinayamba kuchira, zipserazo zinakanirira, sizinasungunuke monga zimachitira. Maselo ake omwewo, chiwalo chake chomwecho, koma mayankho awiri otsutsana. Akanayang'ana nthawi yoyamba yokha, akanalemba kuti ma macrophage ndi mdani wa chiwindi, ndipo magazini ina ikanasindikiza.

Tsono taonani mmene kafukufuku wathu wambiri amayendera. Mu 1962 Winter, Risley ndi Nuss anafalitsa njira imene lero labotale iliyonse yoyesa mankhwala ikuidziwa: kubaya phazi la m'mbuyo la khoswe ndi carrageenan, chinthu chochokera ku ndere zofiira za m'nyanja, kenako n'kumamiza phazilo m'kachubu koyezera kuti tione mmene lafufumira. Kutupako kumafika pachimake pakatha maola 3 mpaka 5. Njirayi ndi yachangu, yotsika mtengo, ndipo inathandiza ndithu pa kupezeka kwa indomethacin ndi mankhwala ena a mtundu umenewo. Ndimailemekeza. Imatiuza ngati chinthu chikutsekereza ma prostaglandin, zinthu za m'thupi zoyambitsa kutupa ndi ululu, kapena zinthu zina za m'maola oyambirira, basi. Koma chaka ndi chaka mumasindikiza malipoti oti mankhwala akutiakuti, kapena madzi ofinyidwa ku chomera chakutichakuti, achepetsa kufufuma kwa phazi pa ola lachitatu, ndipo m'ndime yomaliza olembawo amalonjeza kuti chinthucho chingathandize pa nyamakazi, pa zilonda za odwala shuga, ngakhale pa khansa. Kuchoka pa ola lachitatu kukafika pa matenda amene munthu amakhala nawo zaka 20 pali mtunda wautali, ndipo mtundawo palibe amene anauyenda.

Chimandiwawa kwambiri ndi njira ina, ya thonje. Khoswe timam'goneka, timacheka khungu, timaika kamphumphu ka thonje loyera bwino pansi pake, n'kusoka. Pakatha sabata timam'pha, timachotsa thonjelo pamodzi ndi mnofu umene walizinga, timaumitsa, n'kuyeza kulemera kwake. Mankhwala akachepetsa kulemerako, lipoti limati mankhwalawo apambana pothana ndi kutupa kwa nthawi yaitali. Olemekezeka, taimani kaye pamenepa. Chimene chazinga thonjelo ndi ma macrophage, ma fibroblast, collagen ndi timitsempha tatsopano, mnofu womwe uja umadzaza chilonda kuti chipole. Mankhwala amene aulepheretsa kumera pa thonje akhoza kuulepheretsanso kumera pa bala la munthu amene wachitidwa opaleshoni. Ma steroid amachita bwino zedi pa muyeso wa thonjewu, ndipo dokotala aliyense wa maopaleshoni amadziwa mmene ma steroid amachedwetsera kupola kwa bala. Nambala imodzi yomweyo ingakhale uthenga wabwino kapena chenjezo. Koma n'kamodzikamodzi pamene ndimaona olemba akutchula mbali yachiwiriyi, kapena akonzi akuwafunsa.

Ngakhale amene amafufuza za kupola kwa zilonda penipeni amafulumira. Khungu la khoswe ndi lotayirira, ndipo pansi pake pali kamnofu kopyapyala kotchedwa panniculus carnosus kamene anthu tilibe m'mbali zambiri za thupi. N'chifukwa chake bala la pamsana pa khoswe limatsekeka makamaka pokokana m'mphepete mwake, pamene la munthu limadalira kwambiri mnofu watsopano ndi khungu latsopano lomera pamwamba. Zithunzi zoonetsa bala likucheperachepera tsiku ndi tsiku n'zokongola m'magazini, koma kawirikawiri zikuonetsa kukokana kwa khungu la khoswe. Njira yothetsera vutoli ilipo, yosokerera kamkombero kuzungulira bala kuti khungu lisakokane, ndipo si yodula. Komanso kutsekeka si kulimba. Mu 1965 Stanley Levenson ndi anzake anatsatira mabala a makoswe kwa miyezi, akuyesa mphamvu yofunika kuti chipsera ching'ambike, ndipo anapeza kuti m'masabata oyambirira chipsera chimakhala chofooka kwambiri, chimalimba pang'onopang'ono, ndipo chimathera pa 80 peresenti kapena chapompo ya mphamvu ya khungu losavulala. Zaka zambirimbiri zadutsa, ndipo madokotala akugwiritsabe ntchito zimene anapezazo. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kafukufuku ameneyu akhalitsa chifukwa eni ake anadekha.

Ndikudziwa zimene ena mwa inu anganene, ndipo sindikuzipeputsa. Kusunga makoswe masabata 6 m'malo mwa maola 6 kumafuna ndalama, malo ndi antchito. Kumatanthauzanso kuti khoswe akhala nthawi yaitali ali ndi bala. Komiti yoteteza nyama ikhoza kuganiza kuti kafukufuku waufupi ndiye wachifundo. Koma tawerengerani bwino. Makoswe amene amathera pa kafukufuku waufupi wobwerezabwereza, amene sasintha chithandizo cha wodwala aliyense, ndi ochuluka kuposa amene akanafunika pa kafukufuku mmodzi wokonzedwa bwino wofika kumapeto. Mafunso ambiri a maola oyambirira angathe kuyankhidwa kaye ndi maselo olimidwa m'mbale za m'labotale, khoswe asanakhudzidwe. Ndipo zambiri zokhudza kupola zimayezeka pa khoswe mmodzi yemweyo kangapo, ndi zithunzi, ndi X-ray, ndi timadontho ta magazi, popanda kupha gulu latsopano pa tsiku lililonse loyeza. William Russell ndi Rex Burch atalemba mu 1959 kuti tizilowetsa njira zina m'malo mwa nyama, tizichepetsa chiwerengero chake, ndi kupeputsa mavuto ake, sankatanthauza kuti tizichita kafukufuku wochuluka wosafika pa yankho.

Kutalikitsa nthawi pakokha sikungathandize ngati makonzedwe ake ali okhota, ndipo apa ndilankhula monga munthu amene amalowetsa dzanja m'khola. Makoswe sagwidwa mofanana. Alipo ofatsa amene amabwera okha kudzanunkhiza chala, ndipo alipo amantha amene amabisala pakona n'kugwidwa pomaliza. Wofufuza akanena kuti oyamba kugwidwa apite m'gulu lolandira mankhwala, otsalawo akhale gulu loyerekezera, ndiye kuti wasiyanitsa magulu ake asanapereke ndi dontho lomwe. Khoswe wamantha amakhala ndi corticosterone wambiri m'magazi, ndipo homoni imeneyi imapondereza kutupa. Khola la pashelefu yapamwamba limalandira kuwala kosiyana ndi lapansi. Gulu loyezedwa m'mawa silifanana ndi loyezedwa madzulo. Pomiza phazi m'kachubu, kusiyana kwa kamtunda kochepetsetsa kumasintha nambala, ndipo munthu amene akudziwa kuti khoswe uyu ndi wa mankhwala a abwana ake safunika kukhala wachinyengo kuti dzanja lake lipendekeke. Njira zothetsera zonsezi ndi zodziwika: kugawa makoswe mwa maere, ndi kum'bisira woyeza kuti khoswe aliyense ali m'gulu liti. Komabe mu 2009 Carol Kilkenny ndi anzake atasanthula malipoti 271 a kafukufuku wa pa nyama, anapeza kuti 87 peresenti sanatchule zogawa mwa maere, ndipo 86 peresenti sanatchule zobisira woyeza. Malangizo a ARRIVE, onena zimene lipoti la kafukufuku wa pa nyama liyenera kufotokoza, anatuluka mu 2010 chifukwa cha zimenezi, n'kukonzedwanso mu 2020. Magazini ambiri amati amawatsatira. Inu akonzi mukudziwa nokha kangati pamene mumabweza lipoti chifukwa choti silinawakwaniritse.

Mtengo wa kunyalanyaza kotere amaulipira ndi odwala. Mankhwala otchedwa NXY-059 ankaoneka kuti akuteteza ubongo wa makoswe ochititsidwa sitiroko, koma atayesedwa pa odwala opitirira 3,000, zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2007 zinaonetsa kuti sathandiza. Malcolm Macleod ndi anzake atabwerera kukaona malipoti a pa nyama aja, anapeza kuti amene sanagawe mwa maere kapena kubisira oyeza ndiwo ankaonetsa mphamvu yaikulu, pamene osamalitsa ankaonetsa yochepa kwambiri. Onjezanipo malipoti amene samalembedwa n'komwe. Ndaonapo makoswe akuvutika, zotsatira n'kuonetsa kuti mankhwala sanachite kanthu, deta yonse n'kutsekeredwa m'kompyuta chifukwa akuti palibe magazini ingafune nkhani yotero. Labotale ina kwina idzabwereza zomwezo pa makoswe ena, osadziwa kuti funsolo linayankhidwa kale. Inu ogawa ndalama muli ndi mphamvu yonena kuti amene sanafalitse zotsatira za ndalama zoyamba, kaya zokoma kaya zowawa, asalandire zachiwiri.

Palinso nkhani ya khoswe wake uti. M'malipoti ambiri mumangolembedwa kuti makoswe aamuna a Wistar kapena a Sprague Dawley, olemera magalamu akutiakuti, ngati kuti khoswe ndi khoswe basi. Komatu mitundu yake imasiyana kwambiri pa nkhani ya kutupa. Makoswe a Lewis amagwidwa nyamakazi yochititsidwa m'labotale mosavuta, pamene a Fischer 344 amalimba nayo, ndipo mu 1989 Esther Sternberg ndi anzake anaonetsa kuti chifukwa china n'chakuti a Lewis satulutsa corticosterone wokwanira kutupa kukayamba. Za akazi ndiye n'zomvetsa chisoni. Matenda ambiri amene chitetezo cha m'thupi chimaukira mwini wake, monga nyamakazi ya rheumatoid ndi lupus, amagwira akazi kuposa amuna, koma kwa zaka zambiri makola athu akhala odzaza ndi makoswe aamuna okhaokha. Mu 2015 gulu la Jeffrey Mogil ku Montreal linapeza kuti pa ululu wokhalitsa, mbewa zazimuna zimadalira maselo achitetezo a mumsana otchedwa microglia pamene zazikazi zimatha kudzera m'maselo oyera a mtundu wina otchedwa maselo a T. Bungwe la boma logawa ndalama za kafukufuku wa zaumoyo la NIH ku United States linayamba mu 2016 kufuna kuti opempha ndalama aziganizira amuna ndi akazi omwe. Amene simunafike pamenepo, chikukuletsani n'chiyani? Makoswe achinyamata okhaokha nawonso satiuza zonse, poti zilonda zosapola zili pa anthu okalamba, odwala shuga ndi a mitsempha yotsekeka.

Ndipo ngakhale zonse zitakonzedwa bwino, khoswe si munthu, ndipo malipoti azinena zimenezi poyera. M'magazi a munthu wamkulu ma neutrophil amaposa theka la maselo oyera, pamene m'magazi a khoswe ochuluka ndi a mtundu wina otchedwa ma lymphocyte. Makoswe athu amabadwira ndi kukulira m'zipinda zotetezedwa ku tizilombo, choncho chitetezo chawo sichinakumanepo ndi nkhondo zambiri. Pa 13 March 2006 ku London, amuna 6 athanzi analandira TGN1412, mankhwala odzutsa maselo a T kudzera pa kachinthu ka pamwamba pa maselowo kotchedwa CD28. Mankhwala ofanana nawo anali atachita zodabwitsa pa makoswe: ankachulukitsa maselo oziziritsa chitetezo n'kuchepetsa matenda a kutupa. Pa anyani sanaonetse vuto, ndipo anthu aja anapatsidwa mlingo wochepa ka 500 poyerekeza ndi umene anyani anaupirira. Pasanathe maola ambiri onse 6 anali m'chipinda cha odwala mwakayakaya, matupi awo atasefukira ndi ma cytokine, zinthu zokolezera kutupa monga TNF, ziwalo zikulephera. Anapulumuka, koma mmodzi anaduka zala. Chimodzi mwa zimene ofufuza anaphunzirapo n'chakuti munthu wamkulu ali ndi maselo a T ambiri okumbukira matenda akale, okonzeka kuphulika akadzutsidwa, amene nyama ya m'chipinda choyera ili nawo ochepa. Mu 2016 ofufuza a ku Minnesota anasakaniza mbewa za m'labotale ndi zogulitsidwa ngati ziweto, ndipo chitetezo cha zimene zinapulumuka chinayamba kufanana kwambiri ndi cha munthu wamkulu. Sindikupempha kuti tidetse makola. Ndikupempha kuti olemba aziletsedwa kulumpha kuchoka pa khoswe kufika pa wodwala m'chiganizo chimodzi.

Ndasungira kumapeto nkhani ya ululu, chifukwa ndi imene ndimakhala nayo tsiku ndi tsiku. Pa mafomu a kafukufuku wa kutupa pamakonda kulembedwa kuti mankhwala ochepetsa ululu saperekedwa poopa kusokoneza zotsatira, ndipo makomiti ambiri amavomera osafunsanso. Nthawi zina n'zoona: simungapereke meloxicam, amene amatsekereza ma prostaglandin, kwa khoswe amene mukumuyeza ma prostaglandin. Koma mankhwala alipo a mitundu ina, monga buprenorphine ndi ochititsa dzanzi pamalo pochekedwapo, ndipo wofufuza ayenera kusonyeza kuti anawaganizira. Komanso ululu wosathandizidwa nawo umasokoneza zotsatira. Khoswe amene akumva kuwawa sadya bwino, sagona bwino, amatsika thupi, mahomoni a nkhawa amakwera, ndipo zonsezi zimakhudza chitetezo ndi kupola. Amene akukana mankhwala kuti asadetse deta yake, waidetsa kale ndi ululuwo.

Masiku ano palibe anganene kuti ululu wa khoswe suoneka. Kuyambira mu 2011 tili ndi muyeso wa nkhope ya khoswe, wopangidwa ndi gulu lomwe lija la ku Montreal: maso otsinzinira, mphuno ndi masaya zophwatalala, makutu opindika, ndevu zoumirira. Munthu amaphunzira kuziona m'nthawi yochepa. Gulu lomweli linapezanso mu 2014 kuti fungo la munthu wamwamuna limachititsa makoswe ndi mbewa nkhawa mpaka kusamva ululu kwenikweni, kutanthauza kuti ngakhale amene walowa m'chipindamo ayenera kulembedwa m'lipoti. Khoswe wobayidwa Freund's adjuvant, mafuta osakaniza ndi mabakiteriya akufa a mtundu wa TB, pakatha masabata awiri mapazi ake amatupa mpaka kulephera kuimirira kuti afikire chakudya cha pamwamba pa khola. Zimene akufuna si zodula: pogona pofewa, chakudya chonyowetsedwa choikidwa pansi, botolo la madzi la mlomo wautali, mnzake woti atsamirane naye. Makoswe ndi nyama zokondana. Mu 2011 ofufuza a ku Chicago anaonetsa kuti khoswe amaphunzira kutsegulira mnzake wotsekeredwa m'kachubu popanda kulandira kanthu. Kumuika yekha m'khola kwa masabata chifukwa choti n'kosavuta kwa ife ndi chilango chowonjezera chimene palibe anachivomereza pa fomu. Ndipo kafukufuku wotalika amene ndikupemphayu amafuna malire olembedwa asanayambe: kutsika thupi kufika pati, chilonda kufika potani, pamene khoswe ayenera kuphedwa mwachifundo ngakhale tsiku loyeza lisanakwane. Amene ali ndi mphamvu yonena kuti apa pakwana akhale dokotala wa nyama kapena wosamalira, osati mwini kafukufuku amene akudikira nambala yake.

Choncho pempho langa kwa inu a makomiti ndi ili. Fomu ikabwera yonena kuti mankhwala ena amachepetsa kutupa, funsani kuti adzayang'ana liti ngati mnofu wamera, ndipo adzayeza chiyani kupatula kufufuma. Ngati wofufuza akuti cholinga chake n'kusefa chabe mankhwala m'maola oyambirira, alembe choncho, ndipo asonyeze chifukwa chake maselo a m'mbale sangakwanitse. Funsani amene adzachite maere, amene adzayeze osadziwa magulu, ndi mmene anawerengera chiwerengero cha makoswe, chifukwa makoswe 6 pa gulu nthawi zambiri ndi chizolowezi chabe chongokopera kwa ena. Inu ogawa ndalama, lipirirani masabata owonjezerawo ndi malipiro a antchito amene adzakhale ndi makoswewo Loweruka ndi Lamlungu lomwe. Inu akonzi, landirani lipoti lonena kuti mankhwala anaphwetsa phazi koma anachedwetsa chilonda, ndi lonena kuti sanachite kanthu, ndipo fufutani malonjezo a m'ndime yomaliza amene deta yake sinafikepo.

Chomaliza, m'makomiti mwanu muzikhala mpando wa munthu wa m'chipinda cha makoswe, wokhala ndi voti yofanana ndi ya ena onse, ndipo musanavomereze kuti kafukufuku wa nyamakazi kapena wa zilonda apitirire chaka china, bwerani mudzaone makoswe ake pa sabata yachitatu.

Ine wanu mwaulemu,

Wosamalira makoswe a kafukufuku